Malume Gervazio ndi fupa la Limbani

Lamulungu likubwerali pakwana chaka chimwalirire Malume Gervazio, ndipo ine sabata yonseyi ndili ngati ndakhalira linthumbu. Ndikakhala pansi ndikudzuka, ndikadzuka ndikuiwala chimene ndadzukira. Anzanga kuntchito kuchipatala cha Beaumont, kumene ndine nesi, akuti ndi kutopa. Si kutopa ayi. Ndi mdala uja, anandisiyira matenda ake.

Sanali malume anga enieni. Kuno ku Dublin aliyense wa kwathu ankawatchula Malume, ndi a ku Zambia omwe, ngakhale wansembe wathu Bambo Chisale. Kwawo kunali ku Dedza, kumene anali wophika wa ansembe a kuno ku Ireland, ndipo ansembe omwewo ndi amene anabwera nawo kalekale, ife tisanalote n'komwe zokwera ndege. Kenako anaphika zaka zambiri mu hotela ina ku Citywest. Atapuma ntchito ankakhala m'kachipinda ka kuseri m'nyumba ya Amai Tembo, mayi wa ku Chipata, ku Coolock.

Munthu ameneyu sankakhala pansi. Akabwera kwanu jekete savula, tiyi amwera chiimire, maso ali kuchitseko. Kutchalitchi ankaima kumbuyo pafupi ndi madzi odalitsa Misa yonse, mipando ili mbwee. Ukawapatsa mpando ankati mpando ndi wa anthu amene afika, iwo akadali pa ulendo. Boma litawapatsa khadi ya okalamba yokwerera basi ulere, eee, zinaipiratu. Mmawa basi ya ku tawuni, masana sitima ya ku Saggart, madzulo kubwerera, osatsikira kwa munthu aliyense. Madalaivala anawazolowera mpaka kumawadikira akachedwa pa siteji. Koma Amai Tembo amalumbira kuti kale sanali choncho, ankatha kuonera mpira mpaka kuwodzera pa sofa. Zinayamba atabwera ku Japan.

Tisanafike kumeneko, mudziwe kuti Malume ndiwo anali mwini maliro athu kuno. Mmalawi akamwalira, kaya ku Cork kaya ku Galway, oyamba kufika anali iwo, ndipo sankapuma mpaka bokosi litakwera ndege. Lamulo lawo linali limodzi: munthu sagona m'dothi la eni, ndipo satenthedwa. Banja lina la ku Blanchardstown litatentha mtembo wa bambo awo monga amachitira ambiri kuno, Malume anaima pakhomo, anthu akumva, n'kuwauza kuti amuwotcha mkulu uja ngati mbewa. Anatha chaka osawapatsa moni. Pakamwa pawo panali polasa, tisanamizane, ndipo akakulakwira sankadziwa njira yobwerera.

Tsiku loyamba kulowa m'chipinda chawo ndinapita kukawayeza BP, poti Amai Tembo anandidandaulira kuti mdalayo akutaya mapiritsi. Ndili mkati momanga lamba pa mkono, ndinaona shelefu pamwamba pa bedi. Panali mtanda ndi korona, zimene sizinandidabwitse. Koma pambali pake panali chithunzi cha mnyamata womwetulira, kapu ya tiyi, kambale ka mpunga, kabelu kamkuwa, ndi kabokosi kokulungidwa m'nsalu yoyera, kosaposa chibakera changa. Malume anandiona ndikuyang'ana. Anatambasula dzanja linalo, anamenya kabelu kaja, n'kunena, “Limbani, uyu ndi Nabanda. Ndi nesi, koma waukali.”

Ndinafunsa kuti m'kabokosimo muli chiyani. Anandiyankha kuti ndiwerenge BP yanga ndizipita.

Shelefu imeneyi inawayambanitsa ndi anthu ambiri. Amai Tembo, mayi wa chigwirizano amene sanajombepo ku mapemphero, ankaima pakhomo manja ali m'chiuno. “Imwe a Malume, ivi ni vamafano. Mu nyumba mwanga sinifuna!” Malume ankawafunsa ngati iwo sapsompsona chithunzi cha malemu amuna awo akamachipukuta, mkangano n'kuthera pomwepo mpaka mawa lake. Bambo Chisale anabwera nawonso kudzaona, anakhala nthawi yaitali akuyang'ana, kenako anati kupempherera akufa n'kwabwino, koma akufa samwa tiyi. Malume anati akudziwa, n'chifukwa chake pofika teni koloko amamwa okha kuti asawonongeke. Bambo anaseka, anagwedeza mutu, ndipo sanaibweretsenso nkhaniyo.

Limbani anali mwana wa alongo awo, a Naphiri, a ku Dedza komweko. Anapita ku Japan kukaphunzira za makina a ulimi, anakwatira mkazi wa kumeneko dzina lake Yumiko, anabereka mwana mmodzi wamkazi. Tsiku lina anangogwa kuntchito, mtima unaima. Uthenga utafika kumudzi, panalibe wina woti n'kupita koma Malume. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, pasipoti yoyenda mosavuta anali nayo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa foni anawalonjeza alongo awo ndi pakamwa pawo: “Mlongo, pukutani misozi. Mwana wanu ndibwera naye.”

Za ku Japan ankakonda kuzikamba tikamamwa tiyi Misa ikatha, koma zapamwambamwamba, zoseketsa zokhazokha.

“Abale inu, anthu aja!” ankayamba choncho. “M'sitima thothotho, munthu apa munthu apa, koma zii. Ndinayesa kuti tonse tikupita ku maliro amodzi.”

Ankafotokoza za kuwerama, kuti ukawerama iwo awerama koposa, iwe n'kuwonjezera, mpaka msana kuwawa. Ankafotokoza za nsapato, kuti pakhomo umavula n'kuvala masilipasi a m'nyumba, ndipo kuchimbudzi kulinso ake apadera. Iwo anatuluka kuchimbudzi atavala omwewo n'kukalowa nawo m'chipinda mmene munagona mtembo, pamaso pa anthu onse. Palibe anaseka. Mayi wina wachikulire anangobwera chogwada, anaika masilipasi ena patsogolo pawo, n'kubwerera chammbuyo. Malume ankati bola akanawaseka, manyazi ake akanapepukako.

Chimene ankachikamba mawu atatsika ndi cha mtengo. Mmawa wina, m'nyumba mutawakanika, anakwera kaphiri ka kuseri kwa tawuniyo. Anapeza masitepe amiyala, chipata chofiira, ndi chimtengo chachikulu chomangidwa chingwe cha udzu m'chiuno, timapepala toyera tili lendelende. M'mbali mwa njira munali timiyala tosema ngati ana, tovekedwa tinsalu tofiira pakhosi, ndipo anamva pambuyo pake kuti amativeka ndi makolo amene ana awo anamwalira. Ali chiimire kunabwera mayi wovala suti, chikwama cha ku ofesi kudzanja. Anasamba m'manja pa kachitsime, anachukucha m'kamwa, anawerama, anaomba m'manja kawiri, anaima pang'ono maso ali chitsinzinire, n'kutsika mothamanga kukakwera sitima yake.

“Kuomba m'manja kwenikweni, Nabanda, ngati pamaso pa akuluakulu,” anandiuza. “Kuseri kwa mudzi wathu kunali mtengo wotero. Bambo anga ankathira ufa patsinde pake. Ife tinauzidwa kuti n'zachikunja, tisiye kuti titukuke, ndipo tinasiyadi. Awa sanasiye. Nanga galimoto zonse timakwera ku Lilongwe zija amapanga ndani?”

Nkhani yeniyeni anandiuza patapita zaka, tili m'basi, poti akafuna kunena zolemera sankafuna kuyang'anana ndi munthu. Anafika ku Japan ndi sutikesi, mkati muli nsalu yoyera ndi suti yakuda yoti akamuveke Limbani pa ulendo wa kwawo. Anapeza zonse zitakonzedwa kale: mawa lake mtembo ukatenthedwa, monga amachitira pafupifupi aliyense kumeneko. Yumiko anawafotokozera m'Chingelezi kuti Limbani mwini wake ankanena kuti akadzamwalira adzakhale pafupi, pamene mwana wake angamafikepo. Malume anakalipa. M'nyumba ya zii ija mawu awo anamveka mpaka kumsewu. Anati iwo sanawoloke nyanja kudzaonerera moto, mayi wa mnyamatayu akudikira thupi, manda akumba kale. Yumiko anagwada, anagunditsa chipumi pa mkeka, n'kukhala choncho osadzuka.

“Tandiuza, iwe wodziwa zonse,” anandifunsa m'basimo, “munthu amene nkhope yake ili pansi umamukalipira bwanji?”

Mawa lake anapita nawo kumalo otenthera. Bokosi linalowa, chitseko chachitsulo chinatsekedwa, anthu anaperekezedwa kuchipinda china kukamwa tiyi. Malume anangozungulira panja pa magalimoto. Ankaganiza kuti zatha, chotsala n'kupatsidwa phulusa monga amachitira kuno. Koma patapita nthawi anaitanidwa onse. Pakati pa chipinda panali tebulo lachitsulo, ndipo pamenepo panagona mafupa a Limbani, oyera mbee, kuyambira kumapazi mpaka kumutu, akadali ofunda. Bambo wovala magolovesi oyera anayamba kugawa timitengo tangati tija amadyera chakudya kumeneko, koma titalitali. Achibale anaima awiriawiri. Mwambo wake ndi wakuti anthu awiri amagwira fupa limodzi ndi timitengo tawo, n'kulinyamulira limodzi kukaliika mumtsuko, kuyambira a kumapazi, kuti munthuyo aime chilili mkatimo, asakhale chadodolido.

Timitengo titafika kwa Malume, anabisa manja kumbuyo. Chingelezi chinawathawa, anangofunsa m'Chichewa: “Adzukulu ali kuti?”

Paja kwathu wachibale sagwira maliro ake. Pali adzukulu, anthu apadera osakhala a magazi, amene amasambitsa mtembo, kukumba manda ndi kunyamula. Mwini mbumba amaima potero n'kumalamula. Ndiye Malume anaona ngati anthu awa asowa ulemu, kapena asowa anthu, mpaka kugwiritsa malume wa munthu ntchito ya adzukulu.

Amene anayenera kunyamula nawo anali bambo ake a Yumiko, asewere awo, kamdala kafupi kadazi kosadziwa liwu limodzi la Chingelezi. Kamdalako kanafika pa tebulo, kanagwira fupa mbali yake, n'kuima. Sikanawayang'ane, sikanawakodole. Kanangodikira, ndipo chipinda chonse chinadikira nako. Yumiko anasendera pafupi n'kuwanong'oneza kuti kwawoko sapereka ntchito imeneyi kwa mlendo. Munthu amanyamulidwa ndi amene ankamukonda.

Malume anatenga timitengo tija. Sanadyerepo timitengo chibadwire, ndiye taganizani. Manja ankanjenjemera, fupa linaterereka kawiri, koma asewere aja anagwiritsa mbali yawo osatekeseka mpaka Malume atapeza pogwira. Linali fupa la mwendo, lopepuka ngati phesi louma. Anayenda nalo limodzi masitepe atatu n'kuliika mumtsuko.

“Mwana ameneyu ndinamunyamula ali khanda popita ku ubatizo,” anatero, akuyang'ana pawindo la basi. “Sindinkadziwa kuti ndidzamunyamulanso.”

Pobwerera kunyumba anawawaza mchere pamapewa asanalowe, ndipo zimenezo akuti sanafunse n'komwe, anazimva ngati za kwawo. Mmawa anaona Yumiko atagwada pa kakabati ka zitseko ziwiri pabalaza, akuika mpunga ndi tiyi, kuyatsa lubani, kumenya kabelu, n'kumupatsa moni mwamuna wake ngati wangodzuka kumene. Tsiku lonyamuka, asewere aja anawapatsa kabokosi kokulungidwa m'nsalu yoyera, ndi manja awiri, atawerama. Anali atapatulako fupa limodzi. Yumiko anamasulira kuti limeneli ndi la amayi ake a Limbani.

Apa ndi pamene mdala wathu anagwa. M'malo mopita ku Dedza, anabwerera ku Dublin. Anaimba foni n'kuwauza alongo awo kuti kunyamula thupi kunakanika, koma mwanayo anaikidwa bwino, m'manda aukhondo. Za moto sanatchule. Za timitengo ndiye ayi. Kabokosi kanakwera pa shelefu kuti kadikire mwezi umodzi, iwo apeze kaye mawu. Kanakhala pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri.

Lamulungu lililonse masana a Naphiri ankaimba, ndipo funso linali lomwelomwelo: “Achimwene, mubwera liti?” Malume ankati mvula ikatha. Mvula ikatha ankati ikapita Khirisimasi. Foni ikangoduka, chipewa kumutu, ulendo wa ku siteji. Kawiri konse anagula tikiti n'kuibweza. Chimodzi chokha chimene anakwanitsa n'chakuti tsiku lina anapita ku Blanchardstown kwa banja lija analinyoza, anagogoda, anavula chipewa, anawerama mpaka m'chiuno ngati Mjapani, n'kutembenuka osanena kanthu. Anthuwo anaimbira Amai Tembo kufunsa ngati Malume ali bwinobwino m'mutu.

Ine zinkandinyansa, ndisabise. Mayi wokalamba ali kumudzi, fupa la mwana wake lili pa shelefu ku Coolock likumwetsedwa tiyi! Tsiku lina ndinalephera kudzigwira.

“Malume, zengerezu adalinda kwawukwawu. Alongo anu akadzatsogola mudzapereka kwa yani?”

“Iwe mwana, unayamba wamuuzapo mayi kuti mwana wake anapsa iwe uli pomwepo?”

“Simunamutenthe ndinu.”

“Ndinalonjeza thupi. Ndipo timitengo ndinagwira.”

Ndinawauza kuti ndi amantha. Ndinati mitembo ya eni ankaikweza ndege ngati ngwazi, koma kafupa kamodzi ka m'nyumba mwawo kawakanika. Anatola chipewa. Mwezi wathunthu akandiona kutchalitchi ankayang'ana kudenga. Mawu amenewo sindiwabweza, chifukwa anali oona, koma amandiwawa mpaka lero.

Amene anatsogola ndi Malume. Anagwa pa siteji ya basi, ndipo anagona m'chipatala masiku anayi. Tsiku lachitatu masana ndinapita kukawaona nditaweruka. Kwa nthawi yoyamba ndinawaona atagona phee, opanda jekete, ndipo anaoneka ochepa kwambiri. Anandikodola ndi chala.

“Nabanda, iwe si mbale wanga.”

“Ndikudziwa, Malume.”

“Ndiye ukhoza. Ukhale mdzukulu. Ukamutule Limbani kwa amake, ukanene zonse. Ndi za timitengo zomwe, usakadumphe.” Anapuma kaye. “Ndipo kufikira tsiku limenelo tiyi asaphonye.”

Bokosi lawo linakwera ndege monga ankafunira, ine ndili m'mwamba mwake, kabokosi kali m'chikwama pamiyendo panga. Ku Dedza tinawaika Loweruka. Mmawa wa tsiku lotsatira ndinapempha kuonana ndi a Naphiri patokha. Anali atakhala pakhonde, mayi wochepa thupi, nkhope ya Malume yeniyeni. Ndinagwada, ndinaika kabokosi patsogolo pawo, n'kuyamba kufotokoza. Ndinanena za moto, za tebulo lachitsulo, za timitengo. Ndinkadikira kuti alira mokuwa, kapena andithamangitsa.

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi envelopu yothaitha m'mphepete. Inali kalata ya Yumiko, ndipo inafika patangotha miyezi iwiri Limbani atamwalira. Aphunzitsi a pa sukulu ya pafupi ndiwo anawawerengera. Munali zonse. Yumiko ankawathokoza potumiza achimwene awo, amene manja awo ankanjenjemera koma fupa sanaligwetse, ndipo ankafunsa ngati kabokosi kafika bwino.

“Ndiye munkadziwa, amayi?”

“Ndinkadziwa.”

“Zaka zonsezi? Bwanji osawauza? Munthu uja anavutika!”

“Maliro amanena ndi mwini mbumba, mwanawe. Sakumbutsidwa.” Ananyamula kabokosi kaja n'kukaika pamiyendo. “Ine sindinakwiye. Ndinkangofuna abwere, ndione manja amene ananyamula mwana wanga. N'chifukwa chake ndinkawafunsa kuti abwera liti.”

Ndinalira ine, mlendo, mwini wake ali duu. Ndinakwiyira onse awiri, anthu ouma mutu a mimba imodzi, kudikirana zaka zisanu ndi ziwiri pa foni imodzimodziyo. Lachiwiri adzukulu anakumba kadzenje pambali pa manda a Malume. Atabwera kudzatenga kabokosi, a Naphiri anakana. Anati ngati achimwene awo anatha kugwira, iwonso atha, ndipo anakanyamula okha mpaka kumanda.

Dzulo ndinapita ku Coolock kukakambirana ndi Amai Tembo za Misa ya Lamulungu. Chipinda chija sanaikemo munthu. Jekete ikadali pa msomali kuseri kwa chitseko, khadi ya basi ili m'thumba. Mpando umene Amai Tembo anawagulira Malume ukuonekabe ngati wachokera kusitolo dzana. Pa shelefu mtanda ulipo, korona ilipo, kabelu kalipo, ndipo pamene pankakhala kabokosi penti ndi yowala kuposa pena ponse. Chithunzi cha Limbani chinatsala kwa amake. Koma kapu ndinaipeza pamalo pake, tiyi ali wofunda. Ndinawayang'ana Amai Tembo, iwo anati, “Musanifunse,” n'kupita kukhitchini.

Ndinayesa kukhala pa mpando uja koma ndinadzukanso. Ndinaima pawindo, chikwama chili paphewa. Basi ya ku tawuni inafika pa siteji, panalibe munthu, koma inaima ndithu n'kutsegula chitseko. Dalaivala anasuzumira kuyang'ana kunyumba kuno, anadikira pang'ono, kenako anatseka n'kumapita.